Buku lachiwiri la Black Company landigwiritsa fuwa lamoto: kodi ndipitirize?

Funso

Chaka chatha mnzanga anandibwereka chibuku chachikulu chotchedwa Chronicles of the Black Company, momwe muli mabuku atatu a Glen Cook pamodzi. Loyamba, The Black Company, ndinalimaliza m'masiku anayi. Ndinali ndisanawerengepo nkhani ya zamatsenga yokhala ndi asilikali ngati amenewa: otukwana, otchova njuga, ogwirira ntchito mbuye woipa, koma osatayana. Nditalowa lachiwiri, Shadows Linger, ndagwiritsidwa fuwa lamoto. Nkhondo yeniyeni ikubwera mochedwa, ndipo theka la buku likungokamba za bambo wamantha wogulitsa mowa, dzina lake Shed, ndi ngongole zake. Ndalimaliza mokoka miyendo. Kodi wolembayu nzeru zinamuthera, kapena ndine amene sindikumva? Lachitatu ndiliyambe, kapena ndingobweza buku la eni ake?

Mphunzitsi wa ku Dedza

Yankho

Aphunzitsi,

Buku la eni ake musalibweze msanga. Koma ndisanafotokoze chifukwa chake, ndichenjeze anzathu amene akuwerenga nafe: ndiulula zambiri za m'mabuku awiri oyambawa, mpaka za amene anafa ndi amene anatsala. Amene sanawawerenge ndipo safuna kulawiratu ndiwo zili pamoto, aime pompano.

Kukhumudwa kwanu ndikukumvetsa. Inenso ulendo woyamba ndinkathamangira mitu ya Shed kuti ndikafike msanga kwa Croaker, mfotokozankhani wa gulu la asilikali lija, ndi anzake. Lero, nditaliwerenga kangapo, ndimaona kuti Shadows Linger ndi lomangidwa mwaluso kuposa loyamba lija, ngakhale kuti mtima wanga udakali pa loyambalo. Ndiye ndikuyankhani ngati munthu amene anadutsa njira yomweyo.

Tiyambe ndi chimene munachikonda, chifukwa munthu sungadziwe chimene wataya usanachitchule dzina. The Black Company linatuluka m'chaka cha 1984. Nthawi imeneyo nkhani zambiri za zamatsenga zinkatsata ana a mafumu, ngwazi zosankhidwa ndi milungu, ndi nkhondo ya kuwala ndi mdima yodziwikiratu mbali yabwino. Cook, yemwe anabadwa mu 1944, anakhalapo m'gulu lankhondo lapamadzi la America, kenako anagwira ntchito zaka zambiri kufakitale ya General Motors uku akulemba mabuku. Anthu ake amayankhula ngati anthu amene iye anadya nawo limodzi. Mayina awo ndi opatsana pamsasa: One-Eye, Goblin, Silent, Elmo. Mtsogoleri wawo timangomudziwa kuti Kaputeni. Mfotokozankhani, Croaker, ndi dokotala wa gululo komanso mlembi wa mbiri yake, mbiri imene yakhala ikulembedwa kwa zaka mazana anayi ndipo imawerengedwa mokweza kwa asilikali kuti adziwe kumene anachokera. Amasoka mabala masana, usiku amalemba.

Bukulo lili ndi mitu isanu ndi iwiri, itali-itali, ndipo mutu uliwonse uli ngati ulendo wankhondo paokha. Wina mwa mitu imeneyi, wonena za mkulu wa asilikali opanduka dzina lake Raker, unayamba watuluka m'magazini mu 1982 buku lisanabadwe. N'chifukwa chake simunapume. Munayambira ku Beryl, komwe chilombo cha theka munthu theka kambuku chinapha Tom-Tom, mchimwene wake wa One-Eye. Munawoloka nyanja ndi mfiti yoopsa yotchedwa Soulcatcher, n'kuzindikira mochedwa, limodzi ndi asilikaliwo, kuti mwalembedwa ganyu ndi mfumukazi yoopsa ija imene anthu amangoitchula kuti Lady. Munatchera Raker msampha wa chuma pakati pa mzinda wa Roses. Munathawa nawo cham'mbuyo mpaka ku nsanja ya Charm, komwe nkhondo yaikulu inachitikira. Pakati pa zonsezi munakhala nawo pansi potchova tonk, masewera awo amakadi aja, n'kumaseka One-Eye ndi Goblin akulodzana mwachibwana.

Chimene buku loyamba linakupatsani ndi umembala. Munalembedwa usilikali. Pofika patsamba lomaliza munali ndi abale, ndipo potsekula lachiwiri munkafuna kubwerera kwanu. M'malo mwake anakutsekerani m'chipinda chozizira ndi mlendo amene simunamufune.

Tsono pali chinthu chimodzi cha m'buku loyamba chimene ambiri amachidumpha, ndipo ndi pamene pagona yankho langa lonse. Croaker amavomera yekha kuti salemba zonse. Pamene anzake alanda msasa wa adani ndipo ayamba kuchita zoipa zimene asilikali opambana amachita kwa anthu ogonja, makamaka amayi, iye amatiuza mwachidule kuti zinthu zotere amazibisa chifukwa anthuwa ndi banja lake. Ife owerenga timamukhululukira nthawi yomweyo, poti tawakonda kale anthu ake. Mdima wa m'buku loyamba ndi wopepuka kusenza. Ukugawidwa pamapewa a anthu mazanamazana, uli ndi chowiringula chakuti tinalamulidwa ndipo tinasaina pangano, komanso, chachikulu kwambiri, gululi silikhalitsa pamalo. Lawotcha mudzi lero, mawa lanyamuka. Amene atsale kukwirira mitembo ndi kugona ndi njala sitiwaonanso.

Ife a kuno zimenezi si zachilendo. Ku Zomba kuli chipilala chokumbukira asilikali a King's African Rifles, ndipo n'koyenera kuti chikhalepo. Koma pa nkhondo ya 1914 ija, kumbuyo kwa msilikali aliyense kunali amtengatenga osenza katundu pamutu kulowera ku Karonga ndi kupitirira, ndipo ambiri anafera m'njira ndi njala ndi matenda. Nkhani ya nkhondo ikakambidwa ndi wonyamula mfuti imamveka mwina, ikakambidwa ndi wonyamula thumba la ufa imamvekanso mwina. Buku loyamba ndi la wonyamula mfuti. Lachiwiri Cook analipereka kwa munthu amene sangathe kunyamuka n'kupita.

Taonani bwino kumene anatiika. Juniper ndi doko lakutali kumpoto chakumadzulo, kozizira koopsa. Pamwamba pa phiri pali linga la wolamulira, Duretile. Kumunsi kuli Buskin, dera la amphawi, komwe nyengo yachisanu anthu opanda pogona amapezeka m'mawa atauma m'tinjira. Kutsidya kwa mtsinje kuli linga lakuda limene palibe analimanga, lomwe likungokula lokha chaka ndi chaka, ndipo anthu amapewa ngakhale kuliyang'ana. M'Buskin'mo ndi momwe muli Iron Lily, kanyumba ka alendo ndi mowa ka Marron Shed. Makasitomala ake ambiri amangobwera kudzaotha moto. Mayi ake ndi akhungu ndipo amakhala pafupi ndi moto womwewo. Nkhuni n'zodula. Ndipo Shed ali ndi ngongole kwa Krage, katapila amene ali ndi anyamata ake othyola anthu mafupa.

Inu mwamutcha wamantha, ndipo simunalakwe. Amanjenjemera, amapembedza, amanama, amadandaula. Koma dzifunseni kuti mwa anthu onse a m'mabuku awiriwa, ndani amene munakumanapo naye m'moyo weniweni. Raven, msilikali wakale wa gululo, munthu wa mipeni amene saopa kanthu, sindikhulupirira kuti munamuonapo pamsika wa Dedza. Koma bambo wa kagolosale amene anatenga katapila kuti agule katundu, chiwongoladzanja n'kumupitirira, n'kumabisala kuseri kwa kauntala akamva mawu a mwini ndalama, ameneyo tonse timamudziwa. Ena tinakhalapo iyeyo.

Luso la Cook lili pa kutsetsereka kwa Shed. Sagwa kamodzi. Poyamba nkhalamba ina inafera pamoto m'nyumba mwake, ndipo Raven, yemwe ankachita lendi chipinda pamenepo limodzi ndi mtsikana amene ankamuteteza, Darling, anamuuza kuti angoutulutsa mtembowo panja, n'kumupatsa kandalama. Shed sanafunse zambiri. Wakufa wafa kale, ndipo nkhuni zikufunika. Kenako anadziwa kumene mitembo ikupita: Raven ankaitola m'tinjira usiku, kuikweza pangolo, n'kukaigulitsa kulinga lakuda lija, komwe zolengedwa za m'menemo zinkalipira bwino. Kenako Shed anakwera nawo ngoloyo. Kenako analowa nawo m'mapanga opatulika momwe anthu a Juniper amasungira akufa awo, n'kuba tindalama timene amaika pamodzi ndi mitembo. Kenako zinadziwika kuti kulingako munthu amene akadapuma ali ndi mtengo woposa wakufa. Krage anathera komweko, ndipo owerenga ambiri amaomba m'manja pamenepo, chifukwa Krage anali nkhanza zokhazokha. Koma khomo linali litatseguka. Wally, msuweni wake wa Shed, atamubera ndalama, Shed anamumenya mpaka kumupha, ndipo mtembo wa m'bale wake anapita nawo kulinga komweko. Sue, mkazi amene anamudyera chuma mouzidwa ndi katapila wina dzina lake Gilbert, anamutengera kumeneko ali moyo.

Sitepe iliyonse ili ndi chifukwa chomveka. Mayi anga azizidwa. Andipha ndikapanda kubweza. Ameneyu ndi woipa kale. Ameneyu wandibera. Ndipo chimene chimandilasa mtima nthawi zonse n'chakuti ndalama zikabwera, sizimupulumutsa. Amazimwaza, amakongolanso, amabwereranso pangolo. Aliyense amene anaonapo munthu akubweza katapila ndi katapila wina adziwa kuti apa wolemba sananame.

Muganizirenso kuti mzinda umenewu umalemekeza akufa kuposa amoyo. Uli ndi gulu lonse la oyang'anira manda, malo opatulika otchingidwa ndi mpanda, ndi wofufuza wankhanza dzina lake Bullock amene amasaka aliyense wodetsa malowo. Asa, kamunthu kosowa pogwira ka ku Iron Lily, anayamba ndi kungotola nkhuni m'nkhalango yopatulikayo, ndipo chimenecho chokha chinali mlandu waukulu. Akuluakulu a mzinda anatekeseka pamene ndalama zakale za m'manda zinayamba kuoneka pamsika. Pamene amphawi ankauma m'tinjira, palibe anatekeseka. Kwa ife amene timadziwa ulemu wa kumanda, amene timadziwa kuti munthu salowa kumanda popanda chilolezo cha amfumu ndi adzukulu, tchimo la Shed limatinyansa kwambiri kuposa mmene lingamunyansire wowerenga wa kwina. Komabe funso la bukuli limatipezanso: mudzi umene umasonkha ndalama za bokosi labwino koma sunasonkhe za mankhwala, ukulemekeza chiyani?

Mwati nkhondo ikuchedwa. Ine ndikuti nkhondo inayamba patsamba loyamba la Shed, kungoti ndi ya mtundu wina. Linga lakuda lija ndi khomo limene Dominator, mwamuna wake wa Lady, yemwe anakwiriridwa wamoyo ku Barrowland, akufuna kutulukira. Limakula ndi mitembo. Mtembo uliwonse umene wagulitsidwa ukuwonjezera khoma. Mdani ameneyu sanatumize msilikali ndi mmodzi yemwe kuti alande Juniper. Anangoika mtengo pamtembo n'kudikira, podziwa kuti pamene pali chisanu, njala ndi ngongole, wina abweretsa. Pa nzeru zonse zankhondo za m'mabuku atatuwa, iyi ndi yoopsa kwambiri, ndipo singaoneke kuchokera pamsasa wa asilikali. Kuti tiione, tinayenera kukhala pangolo ndi Shed.

Palinso zopweteka za Raven. M'buku loyamba anali ngwazi ya ambiri a ife: anapulumutsa kamtsikana kosamva ndi kosayankhula, Darling, m'manja mwa asilikali a Limper, mfiti ina yotumikira Lady, kenako n'kuthawa nako atazindikira kuti ndi White Rose, amene maulosi amati adzagonjetsa Lady. M'buku lachiwiri Raven yemweyo akugulitsa mitembo kuti apeze ndalama za chombo chothawitsira mwanayo, osadziwa kuti akudyetsa choipa chachikulu kuposa chimene akuchithawa. Timamuona kudzera m'maso a Shed, ndipo m'maso amenewo ndi munthu wozizira, woopsa, wogwiritsa anzake ntchito ngati zipangizo. Ndikuganiza kuti mbali ina ya kukhumudwa kwanu ili pamenepa, ngakhale simunaitchule. Anakulandani ngwazi yanu. Komatu Raven sanasinthe. Chasintha ndi pamene taima pomuyang'ana. Kwa mnzake wa m'gulu, munthu wotere ndi chishango. Kwa mwini kanyumba ka alendo, ndi tsoka limene lachita lendi chipinda chapamwamba.

Tsopano chimene chinanditembenuza ine. Mitu ya Croaker amaikamba yekha, akuti ine, ife. Mitu ya Shed ikukambidwa ngati ndi munthu wapadera, akuti iye. Koma Shed atagwidwa anaulula zonse pamaso pa Croaker, ndipo mmene ndimawerengera ine, mitu imeneyo ndi Croaker yemweyo akulemba zimene anamva. Ngati ndi choncho, taonani chimene chachitika. Mlembi amene ankabisa zoipa za abale ake watenga masamba ambirimbiri a mbiri yopatulika ya gulu lake n'kuwapereka kwa wogulitsa mowa wamantha amene si membala, n'kulemba machimo ake onse osabisa ndi limodzi lomwe. Bwanji? Chifukwa Shed anachita chinthu chimene gululo linali lisanachite. Atathawira ku Meadenvil, ali ndi mwayi woti angosowa n'kuyamba moyo wina, anapeza kuti mbewu ya linga lina lakuda yayamba kumera kumeneko. Akanatha kutseka pakamwa. Sanatero. Munthu amene moyo wake wonse unali wothawa anaima, anachenjeza anthu, anamenya nawo nkhondo, ndipo anafera pomwepo. Machimo ake sanafufutike. Sue sanabwerere, Wally sanadzuke. Koma anatembenuka.

Croaker wakhala zaka akutumikira Lady uku mtima ukumudya, akudziuza kuti pangano ndi pangano, kuti opandukawo nawonso si oyera, kuti msilikali waganyu safunsa. Zonsezo ndi zowiringula za mtundu womwewo ndi za Shed, kungoti zavala yunifolomu. Kumapeto kwa bukuli gululo likuchoka kwa Lady n'kupita kumbali ya Darling. Inde, chowakankha n'chakuti chinsinsi chawo chaululika ndipo akapanda kuthawa aphedwa. Koma kuti kutembenuka kumeneko kukhale ndi kulemera, kuti kusangokhala kusintha bwana, tinayenera kuona kaye munthu mmodzi wapansi kwambiri akutembenuka popanda womulamula. Mukachotsa Shed, buku lachitatu limakhala nyumba yopanda maziko.

Sindikufuna kuti muganize kuti ndikulikometsera bukuli paliponse. Pali malo amene dandaulo lanu ndi loona, ndipo ndiwatchula.

Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa, ndipo m'chigawo choyamba cha bukuli zimaonekadi. Pamene nkhani ya Shed ikukwera mwamphamvu, mitu ya Croaker ikungodikira. Kupatula msampha uja anatchera opanduka m'nyumba ya mowa ku Tally, womwe uli ndi kakomedwe ka buku loyamba, zambiri ndi ulendo wautali ndi kudandaula za ukalamba ndi kutopa. Croaker atafika ku Juniper ndi anzake ochepa pamkeka wouluka, akusanduka wapolisi wofufuza, ndipo akufufuza zinthu zimene ife owerenga tikuzidziwa kale kuchokera kwa Shed. Ena amakonda kuona mlenje akuyandikira nyama imene ife tikuiona pobisala. Kwa amene anabwerera ubale wa pamsasa, ndi nthawi yaitali yokhala wopanda abale, poti gulu lonse likadali m'njira.

Chachiwiri, kuzingidwa kwa linga lakuda, komwe kunayenera kukhala pampondachimera pa wokonda nkhondo ngati inu, kukukambidwa mothamanga. Cook ali ndi chizolowezi chodumpha zinthu zikuluzikulu ndi ziganizo ziwiri. Nthawi zina chizolowezi chimenechi chimagwira ntchito, chifukwa msilikali weniweni saona nkhondo yonse, amaona kachigawo kake. Koma imfa ya Kaputeni, munthu amene tinayenda naye kuchokera ku Beryl, inayenera kupatsidwa mpata woti tilire. Sitinapatsidwe. Pamenepo ndimamudandaula wolembayu mpaka lero.

Chachitatu ndi amayi a m'bukuli. Sue ndi msampha basi. Lisa, mtsikana wogwira ntchito ku Iron Lily amene analowa nawo malonda a mitembo mouma mtima kuposa Shed, akanatha kukhala mpangankhani wozama, poti nayenso umphawi womwewo unamukuta, koma sitiloledwa kulowa m'mutu mwake monga tikulowera mwa Shed. Mwamuna akachimwa tikuonetsedwa zifukwa zake zonse. Mkazi akachimwa akungooneka woipa. Ichi ndi chilema, ndipo mukadzakambirana bukuli ndi ophunzira anu achikulire, musachibise.

Za kuti nzeru zinamuthera, ayi. Mabuku awiriwa anatuluka chaka chimodzi, 1984, ndipo lachitatu linatsatira mu 1985. Munthu wotheredwa nzeru amabwereza zimene zinamuyendera bwino: akanatipatsa Charm wina, nsanja yokulirapo, afiti ochulukirapo. Cook anasintha kamangidwe konse. M'malo mwa mitu isanu ndi iwiri itali-itali, anaika mitu yambiri ifupi-ifupi yosinthana pakati pa anthu awiri. M'malo mwa dziko lonse, mzinda umodzi. Anali akuyesa nkhani ya umbanda ndi ufufuzi mkati mwa dziko la zamatsenga, ndipo zaka zitatu pambuyo pake, mu 1987, anayambadi mndandanda wina wa mabuku onena za wofufuza milandu dzina lake Garrett. Mukhoza kunena kuti anayesa chinthu chimene inu simunapemphe. Zimenezo n'zoona, ndipo muli ndi ufulu wosachikonda. Buku loyamba la mndandanda limakhala ngati lonjezo, ndipo wowerenga amene walonjezedwa nsima ya mgaiwa ndi nyama sangakakamizidwe kuyamikira mpunga, ngakhale utaphikidwa bwino chotani.

Ndiye lachitatu muliyambe? Yambani, koma mudziwiretu zimene mukapeze, kuti fuwa lamoto lisakugwireni kawiri. The White Rose nalonso silikhala ndi Croaker nthawi zonse. Lili ndi njira zitatu: Croaker ndi otsala a gululo akubisala ndi Darling m'chipululu chodabwitsa cha Plain of Fear, komwe miyala imayankhula ndipo anamgumi amauluka m'mwamba, munthu wina wachilendo dzina lake Corbie akufufuza zinthu ku Barrowland, ndi nkhani yakale ya Bomanz, mfiti imene inatsekulira Lady kuti atuluke m'manda. Gululo lachepa ndipo lakalamba. Koma abale anu aja mukhala nawo nthawi yaitali kuposa m'lachiwiri, ndipo nkhani ya Croaker ndi Lady, imene inayamba ndi tinkhani tachikondi tija ankalemba mwamseri m'buku loyamba, ikufika pamene inkalowera. Kusiya pano n'kutsika basi mudzi wanu ukuoneka.

Ngati njala yanu ndi ya nkhondo yeniyeni, ya magulu ankhondo, zakudya za asilikali, kuphunzitsa anthu wamba kugwira mkondo, imeneyo ikubweranso m'mabuku a kummwera. Shadow Games la 1989 likutenga otsala ochepa aja kulowera kummwera kukasaka Khatovar, komwe gululo linachokera, ndipo m'njira akumanganso gulu lankhondo. Dreams of Steel la 1990 akulikamba ndi Lady mwini wake. Bleak Seasons la 1996 ndi la kuzingidwa kwa mzinda wa Dejagore, lokambidwa ndi Murgen, ndipo ndi lakuda kuposa onse amene mwawerenga, ngakhale kuti nthawi yake imadumphadumpha moti ambiri amasochera. Mudziwiretu kuti Cook amasintha mfotokozankhani kangapo mpaka kukafika ku Soldiers Live la 2000. Amene akufuna mawu a Croaker yekha mpaka kalekale adzakhumudwa kangapo m'njiramu. Lilipo lina, Port of Shadows, lotuluka mu 2018, lomwe nkhani yake ikuchitika pakati pa buku loyamba ndi lachiwiri, gulu lidakali lonse ndi Kaputeni ali moyo. Likhoza kukukokani chifukwa cha zimenezo, koma ine ndingati mulisunge kaye mpaka mutamaliza atatu oyambawa. Ndipo mukafuna wolemba wina amene anamwa pachitsime chomwechi, Steven Erikson, amene amamuyamikira Cook poyera, ali ndi asilikali otchedwa Bridgeburners m'buku lake la 1999, Gardens of the Moon. Ndi lolemera kulowamo, koma ubale wa pamsasa uja ulimo.

Pempho langa ndi limodzi, aphunzitsi, musanatsekule The White Rose. Poti buku lidakali m'manja mwanu, bwererani ku Shadows Linger madzulo awiri kapena atatu, muwerenge mitu ya Shed yokha, motsatizana, kudumpha ya Croaker. Pano mukudziwa kale mathero, ndiye simukhala mukuthamangira kwina. Muzikhala ndi pensulo, ndipo pamene mwaona kuti apa ine ndikanakana, apa sindikanakwera ngoloyo, muikepo kachizindikiro. Ine changa ndinachiika mochedwa kuposa mmene ndinkayembekezera, patadutsa kale nkhalamba ya pamoto ija, patadutsa ngolo yoyamba, patadutsanso Krage. Mukamaliza mundilembere, mundiuze tsamba limene inu mwaika chanu.